Kumanga Nyumba Kumudzi Muli ku Joni: Ndondomeko Yake ndi Zimene Mudzakumane Nazo

Abale ndi alongo amene mukugwira ntchito kuno ku Joni, funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri tikakumana kutchalitchi, ku Park Station kapena pa msonkhano wa bungwe la maliro ndi lakuti, "Achimwene, ndikufuna kumanga nyumba kumudzi, ndiyambire pati, ndipo idzadya ndalama zingati?" Popeza ntchito yanga ndi ya zomangamanga, ndakhala ndikuyankha funsoli mobwerezabwereza, choncho ndaganiza zolemba kamodzi kuti aliyense aziwerenga modekha pa nthawi yake. Ndikunena za nyumba yomangidwa motsatira pulani yanuyanu ku Malawi, inu eni ake muli kutali makilomita oposa 1,500, mukutumiza ndalama mwezi ndi mwezi.

Kuchepa kwa ndalama kumangochedwetsa nyumba, ndipo nyumba yochedwa imatha ndithu. Chimene ndaona chikupha nyumba zambiri za anthu a ku Joni n'chakuti munthu mmodzi yemweyo ndiye amalandira ndalama, kugula zipangizo, kuyang'anira amisiri ndiponso kupereka lipoti kwa mwini nyumba, popanda cholembedwa chilichonse. Ndikhalitsa pa nkhani imeneyi tikafika pa mfundo yachinayi, koma tiyambe ndi pansi pamene nyumbayo idzakhale.

1. Tsimikizani kuti malowo ndi anu pa pepala

Musagule ngakhale thumba limodzi la simenti nkhani ya malo isanalongosoke. M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, mapoloti ovomerezeka amachokera ku Unduna wa za Malo, ku khonsolo ya mzinda kapena ku Malawi Housing Corporation, ndipo ambiri amakhala a lizi ya zaka 99. Lizi ndi pangano lakuti mwabwerekedwa malowo kwa zaka zimenezo, muzilipira msonkho wa malo chaka ndi chaka, ndipo mumangepo m'nthawi imene yalembedwa; mukawasiya tchire kwa nthawi yaitali akhoza kulandidwa. Ngati mukugula kwa munthu, tumani loya kapena munthu wodalirika akafufuze ku ofesi ya kaundula wa malo ngati dzina la wogulitsayo ndilo lili m'kaundula, komanso ngati malowo sanaperekedwe chikole kubanki. Saveya akuonetseni mabikoni, timiyala ta konkire timene timasonyeza malire, chifukwa malire ongoloza ndi chala kuti "kuyambira pa mtengo wa mango uwo kukafika pa chulu" ndi amene amadzabala milandu inu mutamanga kale mpanda.

Malo a makolo ali ndi njira yawo. Kalata ya a nyakwawa ndi chidindo cha a gulupu ndi umboni wofunika, koma si zofanana ndi chikalata cha umwini cha boma. Onetsetsani kuti mwini mbumba ndi abale a wogulitsayo avomereza ndipo asayina ngati mboni, chifukwa zimachitika kuti mphwake wagulitsa munda atsibweni osadziwa. Malamulo a malo a 2016 anatsegula njira yolembetsera malo a makolo m'dzina la munthu kapena banja, choncho funsani ku ofesi ya malo ya boma lanu ngati ntchitoyi inafika m'dera lanu. Poloti imodzi ikagulitsidwa kwa anthu awiri, nthawi zambiri mmodzi mwa awiriwo amakhala wa ku Joni, chifukwa ndife amene timalipira pafoni malo tisanawaponde.

Pali nkhani ina imene ambiri amachita nayo manyazi, koma ndiyenera kuinena. Ngati ndinu mkamwini ndipo mukumanga pa malo a kuchikazi, kapena ndinu mtengwa amene mukutumiza ndalama zanu za ku Joni kukamanga pa malo a kuchimuna, dziwani kuti banja likatha kapena imfa ikalowa, nyumba sinyamulika. Khalani pansi awirinu, mugwirizane kuti nyumbayo ndi ya yani, mulembe, ndipo ngati n'kotheka mugule poloti yapadera yokhala ndi maina anu nonse awiri. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa amasiye, komabe wilo yolembedwa bwino ndi imene imateteza ana anu msanga.

Onaninso mmene malowo alili. Dambo, m'mphepete mwa mtsinje, m'munsi mwa phiri, pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM ndi m'malire a msewu ndi malo amene amakhala otchipa pa chifukwa. Tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu March 2023 ku Chilobwe, pamene matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Soche. Ambiri timapita kumudzi mu December ntchito zikatsekera kuno, nthawi imene si yabwino kukumba maziko, koma ndi yabwino kwambiri kuimirira pa poloti mvula ikugwa n'kuona kumene madzi akudzera.

2. Jambulitsani pulani yogwirizana ndi thumba lanu ndiponso ndi kwathu

Amene timagwira ntchito m'nyumba za ku Sandton ndi ku Fourways timaona zokongola tsiku ndi tsiku, ndipo mtima umafuna zomwezo. Chithunzi cha pa Facebook si pulani. Pulani imaonetsa muyeso wa chipinda chilichonse, kuya ndi kutambalala kwa maziko, kakhalidwe ka denga, podzera mapaipi ndi mawaya, ndipo imajambulidwa ndi katswiri amene waona poloti yanu. Mumzinda ndi m'matauni pulaniyo iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo musanayambe kukumba, apo ayi mukhoza kuimitsidwa kapena kugwetseredwa nyumba. Ngati mukufuna nyumba yosanja, injiniya ndi wofunika popanda kukambirana, chifukwa kuchuluka kwa zitsulo za m'sileba, konkire woyalidwa amene amanyamula zipinda zapamwamba, si nkhani yongoyerekeza ndi maso. Kumbukiraninso kuti dziko lathu lili m'dera la zivomerezi, monga anthu a ku Karonga anaonera mu December 2009.

Denga la makona ambiri limadya mapulanga ndi malata ochuluka, ndipo mphambano iliyonse ya malata ndi malo amene mvula idzayesere kulowa. Denga lobisika kuseri kwa khoma, limene lafala masiku ano, limaoneka bwino pachithunzi, koma ngalande zake zikatsekeka ndi masamba madzi amabwerera m'siling'i. Ine ndimakonda denga losavuta, lotuluka kunja mokwanira kuti liteteze khoma, ndi khonde lenileni lokhalapo anthu. Ikani bafa, chimbudzi ndi khitchini mbali imodzi kuti mapaipi afupike. Musaiwale kuti kwathu magetsi amazima ndipo anthu amaphikabe pa mbaula, choncho malo ophikira panja ndi kachipinda kosungira matumba a chimanga ziyenera kuganiziridwa pa pulani pomwepo. Ngati ndalama ndi zochepa, muuzeni wojambulayo akonze nyumba yoti imangidwe m'zigawo, zipinda ziwiri zithe n'kulowamo anthu, zina zidzaonjezedwe popanda kugumula. Kusintha maganizo kulikonse kuchitike pulani ili papepala, pakuti khomo likasunthidwa khoma litaima, mumalipira kawiri.

3. Werengerani mtengo m'zigawo

Sindikupatsani mtengo wa nyumba pano, chifukwa ukanakhala wabodza pakatha miyezi yochepa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera motsatira. Chimene mukufunika ndi mndandanda wa zipangizo zonse ndi ntchito yonse, umene akatswiri amautcha BOQ. Mndandandawu umanena kuti maziko akufuna matumba angati a simenti, matani angati a miyala ya kwale, zitsulo zingati, ndipo khoma, denga ndi zotsiriza zikufuna zotani. Kuchuluka kwa zipangizo sikusintha ngakhale kwacha igwe, choncho mukakhala ndi pepala limeneli mumangofunsa mitengo yatsopano chigawo chilichonse chisanayambe, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti maziko adya matumba owirikiza kawiri popanda kufotokoza.

Pamwamba pa mtengo wonse onjezani ndalama zapadera, 10 mpaka 15 pa 100 iliyonse, za zinthu zadzidzidzi. Werengeraninso zimene ambiri amaiwala: galimoto yonyamula mchenga ndi njerwa, madzi omangira ngati pamalopo palibe mpopi, mlonda, chindapusa cha khonsolo, kulumikiza madzi ndi magetsi, dzenje la sepitiki ndi mpanda. Chenjezo lalikulu n'lakuti malata akakhomedwa nyumba imaoneka ngati yatha, abale amayamba kukuyamikirani, koma pulasitala, mawindo, zitseko, mawaya, mapaipi, siling'i, matailosi ndi penti zimatha kudya ndalama zofanana ndi zimene mwawononga kale. Musayambe chigawo chimene ndalama zake sizinakwanire. N'kwabwino kusunga marandi miyezi ingapo n'kumaliza maziko onse nthawi imodzi, kusiyana ndi kutumiza pang'onopang'ono zimene zimathera m'mayendedwe, amisiri n'kumabwera ndi kupita.

4. Siyanitsani wogwira ndalama, woyang'anira ntchito ndi womanga

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, chifukwa nkhani yake imakhudza chibale. Ntchito yomanga muli kutali ili ndi maudindo atatu. Pali amene amalandira zipangizo ndi kuzisunga, pali amene amaona ngati ntchito yagwirika bwino, ndiponso pali amene amamanga. Maudindo amenewa akhale m'manja mwa anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zikuluzikulu zikhale m'manja mwanu.

Sindikunena kuti abale athu ndi akuba. Taganizirani mng'ono wanu ali ndi ndalama za matumba 40 a simenti m'foni yake, ndipo usiku womwewo mayi adwala, akufunika galimoto yopita nawo kuchipatala. Kodi akane? Sangakane, ndipo inunso mukanakhalapo simukanakana. Mawa lake kwagwa maliro, sabata yotsatira mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kenako nthawi ya feteleza yakwana. Iye amabwereka ndi mtima wodzabweza, amachita manyazi kukuuzani, ndipo pofuna kubisa kusiyanako amauza mmisiri kuti achepetse simenti m'matope. Mukamadzafika mumapeza khoma loti mukalikanda ndi chikhadabo mchenga ukuyoyoka, ndipo chibale chawonongeka limodzi ndi nyumba. Mwamusenzetsa katundu amene sakanatha kumusenza.

Choncho chitani izi. Choyamba, ndalama zothandizira pakhomo muzitumize padera, pa tsiku lake, ndipo aliyense adziwe kuti za matenda ndi maliro zili ndi thumba lake. Ngati simungathe kuchita zonse ziwiri mwezi umenewo, imitsani nyumba, muthandize pakhomo poyera.

Chachiwiri, zipangizo zikuluzikulu muzilipira nokha kusitolo. Pezani sitolo ya hadiweya yokhazikika pafupi ndi malowo, akutumizireni mtengo wolembedwa pa WhatsApp, mulipire kudzera ku Mukuru, kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo risiti ikhale m'dzina lanu. M'bale wanu ntchito yake ikhale kulandira katunduyo, kuwerenga ndi kulemba m'kope limene lizikhala pamalopo: tsiku, zimene zalowa, zimene zatuluka ndi siginecha ya mmisiri amene watenga. Matumba opanda kanthu a simenti asatayidwe kufikira atawerengedwa, chifukwa chiwerengero chake chiyenera kufanana ndi cha m'kope.

Chachitatu, mlipireni m'baleyo. Akusiya munda wake kapena geni yake, akukwera kabaza, akugula mayunitsi kuti akuimbireni. Mukapanda kumupatsa malipiro odziwika, adzadzilipira yekha mwakachetechete, ndipo mumtima mwake sadzaona cholakwa. Gwirizanani ndalama ya pamwezi, muitchule dzina lake kuti ndi malipiro a ntchito.

Chachinayi, lembani ganyu munthu wodziwa zomanga amene si m'bale wa mmisiri, ndiponso amene sanasankhidwe ndi mmisiriyo. Akhoza kukhala kapitawo wopuma pantchito, mphunzitsi wa zomangamanga wa pa sukulu ya ntchito zamanja, kapena amene anajambula pulani. Safunika kukhalapo tsiku lililonse. Afike pa nthawi zimene cholakwika chikhoza kukwiriridwa: maenje a maziko atakumbidwa konkire asanathiridwe, zitsulo za bimu (lamba wa konkire wa pamwamba pa mawindo ndi zitseko) zitamangidwa zisanaphimbidwe, mapulanga a denga atakwera malata asanakhomedwe, ndiponso mawaya ndi mapaipi ataikidwa pulasitala isanapakidwe. Mumulipire pa ulendo uliwonse, ndipo lipoti lake lizibwera kwa inu mwachindunji. Mmisiri asalandire malipiro a chigawo kufikira munthu ameneyu atanena kuti chigawocho chili bwino.

Zithunzi musazikhulupirire kwambiri, pakuti alipo anthu amene anatumiziridwa zithunzi za nyumba ya eni ake kwa zaka. Lamulungu mukapuma, imbani foni ya kanema, ndipo wogwira foniyo ayambire kumsewu, adutse pa chizindikiro chimene mukuchidziwa, azungulire nyumba yonse, alowe mosungira katundu, awerenge matumba inu mukuona.

Chovuta kwambiri ndi kanenedwe kake, makamaka kwa akuluakulu. Musayambe ndi mawu osonyeza kukayikira. Kwa atsibweni mukhoza kunena kuti, "Malume, ntchito iyi ndi yaikulu ndipo sindikufuna kuti anthu azidzakuvutitsani ndi nkhani za ndalama. Inu mukhale diso langa ndi mkulu wa pamalopo, za kusitolo ndizilipira ndili konkuno, ndipo pa kutopa kwanu ndizikupatsani kangachepe mwezi uliwonse." Zimenezi zinenedwe ntchito isanayambe, pamaso pa abale ena, chifukwa mukadzazinena pakati pa ntchito zidzamveka ngati mlandu. Nenaninso momveka kuti wosintha chilichonse pa pulani ndinu nokha. Mayi akhoza kufuna khomo loyang'ana kwa anansi, alamu akhoza kufuna chipinda chokulirapo, ndipo mmisiri, polemekeza akulu, adzamvera aliyense ngati simunamuuze kuti adikire uthenga wanu wolembedwa.

5. Sankhani mmisiri ndipo mulemberane

Muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kupereka ntchito yonse kwa kontilakitala wolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira zomangamanga, limene ambiri amalidziwa kuti NCIC, iye n'kumagula zipangizo ndi kulemba amisiri. Njirayi ndi yodula koma imachepetsa mutu. Ambiri a ife timatenga njira yachiwiri, yolipira mmisiri ntchito ya manja yokha, zipangizo tikugula tokha. Kuno ku South Africa womanga nyumba amalembetsa ku bungwe loyang'anira omanga nyumba lotchedwa NHBRC, ndipo nyumba yatsopano imakhala ndi chitetezo cha zaka 5 pa zolakwika zikuluzikulu. Mmisiri wa kumudzi sabwera ndi chitetezo chotero, choncho chitetezo chanu ndi pepala limene mwalemberana.

Musasankhe mmisiri chifukwa chakuti mumapemphera limodzi kapena chifukwa mtengo wake ndi wotsikitsitsa. Tumani woyang'anira wanu akaone nyumba zimene anamanga zaka zingapo zapitazo, zimene zapyola m'mvula, ayang'ane ming'alu pamakona a mawindo ndi chinyezi m'munsi mwa khoma, ndipo acheze ndi eni ake mmisiriyo palibe.

Pangano lilembedwe m'Chichewa chomveka. Litchule ntchito imene agwire, mtengo wa chigawo chilichonse, nthawi yake, amene azilipira aganyu ndi chakudya chawo, amene abweretse zida monga wilibala, mafosholo ndi makwerero, ndiponso kuti ntchito yolakwika adzagumula ndi kukonza pa mtengo wake. Malipiro azitsatira ntchito, asamatsogole. Chiyambitso chikhale chochepa, chifukwa mmisiri amene walandira theka la ndalama asanagwire ntchito amapita kukayamba nyumba ina. Pa malipiro aliwonse sungani 5 kapena 10 pa 100 iliyonse, zimene adzalandire nyumba ikadzapyola dzinja limodzi osadontha. Asayine iye, inu kapena wokuimirirani, ndi mboni ziwiri.

6. Dziwani zoyenera kuona pa chigawo chilichonse

Nthawi yabwino yoyamba ndi mvula ikangotha, cha mu April kapena May, n'cholinga chakuti denga likhale litakwera mvula ya November isanafike. Khoma losafoleredwa likakhala pamvula zaka zingapo limafooka.

Maziko akumbidwe kufikira dothi lolimba, ndipo kuya kwake kumadalira nthaka ya pamalopo. Dothi lakuda la makande limatupa m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, choncho limafuna maziko a zitsulo ndi uphungu wa injiniya. Mizu ndi zitsa zichotsedwe, dothi lothira mkati lisinjidwe pang'onopang'ono mothira madzi, ndipo mankhwala a chiswe athiridwe sileba isanaikidwe. Pansi pa sileba payalidwe pulasitiki, ndipo pakati pa maziko ndi khoma paikidwe kansalu kakuda kotchinga chinyezi kotchedwa DPC, kamene kayenera kukhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka ya panja. Ndi kotchipa kwambiri, koma kakaiwalika penti ya m'munsi mwa khoma idzakhala ikusupuka moyo wonse wa nyumbayo.

Kasakanizidwe ka simenti ndi pamene ndalama zambiri zimabedwera, choncho dziwani muyeso wake. Wilibala yomangira ya malita 65 yodzaza mosasefukira imafanana ndi matumba awiri a simenti a makilogalamu 50. Konkire wa bimu ndi zipilala, amene amisiri amamutcha 1:2:4, ndiye kuti thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a miyala. Wa pansi pa maziko, 1:3:6, ndi thumba limodzi, wilibala imodzi ndi theka ya mchenga ndi mawilibala atatu a miyala. Matope omangira njerwa a 1:6 ndi thumba limodzi pa mawilibala atatu a mchenga. Mukamva kuti thumba limodzi likulandira mawilibala asanu kapena asanu ndi imodzi, imitsani ntchito. Mchenga wa konkire ukhale wa kumtsinje, wopanda dothi. Konkire akathiridwa azithiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake imakwanira pa masiku 28. Wouma msanga padzuwa amaoneka wolimba pamwamba koma mkati ndi wofooka. Simenti yokha musaigule yambiri nthawi imodzi, chifukwa ikakhala miyezi yoposa itatu imayamba kutha mphamvu, ndipo isungidwe pa matabwa, osati pansi kapena motsamira khoma.

Kuyambira mu 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo anthu ambiri m'tauni asamukira ku mabuloko a simenti. Mabuloko abwino safumbutuka m'makona mukawanyamula. Ngati mwasankha njerwa zootcha, zakupsa bwino zimalira ngati chitsulo mukaziombanitsa, ndipo zinyowetsedwe zisanamangidwe kuti zisamwe madzi a m'matope. Pamwamba pa mawindo ndi zitseko pazungulire ring'i bimu, lamba wa konkire ndi zitsulo amene amamanga makoma onse pamodzi. Mmisiri akakuuzani kuti bimu ya pamwamba pa mawindo okha ndi yokwanira kuti mupulumutse ndalama, musavomere. M'bimu momwemo muikidwe mawaya kapena timalamba tachitsulo tomangira denga, chifukwa mphepo ya mvula yoyamba imasasula denga limene langokhazikidwa pamwamba.

Mapulanga a denga akhale ouma ndi opakidwa mankhwala a chiswe, pakuti aawisi amapindika akamauma n'kukoka misomali. Pa malata, nambala ya geji ikakhala yaing'ono ndiye kuti lata ndi lokhuthala: geji 28 ndi yolimba kuposa geji 32. Woyang'anira wanu aone malatawo asanakwere, chifukwa ali padenga simungasiyanitse. Mawaya a magetsi aikidwe ndi munthu wokhala ndi chiphaso chovomerezeka, apo ayi mudzavutika polumikiza ku ESCOM, ndipo fomu yofunsira magetsi ndi madzi muipereke msanga chifukwa kudikira kumakhalapo. Dzenje la sepitiki ndi chimbudzi chokumba zikhale kutali ndi chitsime ndiponso kumunsi kwake.

7. Samalani ndi katundu wogula ku Joni

Matailosi, mipopi, maloko, masinki ndi magetsi a dzuwa nthawi zina zimatchipa kuno, koma muwerengere mtengo wa transipota, msonkho wa MRA pa chipata cha Mwanza kapena Dedza, ndi zosweka panjira ya Beitbridge ndi Tete. Lembani mndandanda wa katundu yense, mujambule, musunge marisiti, ndipo mugwirizane ndi transipota ngati msonkho uli mumtengo wake komanso amene adzalipire zikasweka. Matailosi mugule okwanira nyumba yonse nthawi imodzi n'kuonjezerapo pafupifupi 10 pa 100, chifukwa mtundu womwewo simudzaupeza ku Limbe akakuperewerani. Mafelemu a zitseko ndi mawindo afike khoma lisanakwere kuti mipata imangidwe pa muyeso wake. Masoketi a magetsi musagule kuno: a ku South Africa ndi a mano obulungira, pamene kwathu timagwiritsa ntchito a mano atatu amakona, ndipo zipangizo zogula ku Malawi sizidzalowamo. Simenti, zitsulo ndi malata gulani kwathu komweko.

8. Landirani nyumba ndi maso anu

Malipiro otsiriza asaperekedwe pafoni. Konzani ulendo, muyende m'chipinda chilichonse ndi mmisiri ndi woyang'anira wanu, mutsegule ndi kutseka chitseko ndi windo lililonse, muyatse magetsi onse, mutsegule mipopi, muthire ndowa ya madzi m'bafa kuti muone ngati akulowera kumene ayenera kulowera, ndipo mugogode matailosi kuti mumve amene akulira mphako. Zolakwika zonse zilembedwe pa pepala limodzi lokhala ndi tsiku lomalizira kukonza. Timing'alu tating'ono ta pulasitala timachitika nyumba ikamauma, koma mng'alu wodutsa m'njerwa mopendekeka, umene ukukula, ndi nkhani ya maziko ndipo ukufuna injiniya.

Sinthani maloko akunja amisiri akachoka. Ngati mukubwerera ku Joni, nyumba isakhale yopanda munthu, chifukwa chiswe, kudontha ndi akuba mawaya zimapezerapo mwayi. Koma amene akhalemo, kaya ndi walendi kaya ndi m'bale, mulemberane za lendi, mabilu a madzi ndi magetsi ndiponso nthawi yodzatuluka. Zikalata za malo, pulani yodindidwa ndi khonsolo, pangano la mmisiri ndi marisiti muzijambule n'kusunga pa imelo yanu, ndipo zenizenizo zikhale pamalo amene mkazi kapena mwamuna wanu akuwadziwa. Ndalama zija munasunga pa malipiro a mmisiri mudzazipereke cha mu April, woyang'anira wanu atakwera m'siling'i n'kutsimikiza kuti dzinja lonse madzi sanalowe.